Chiwongo Chake ndi Scymnus

Kakanapanda kuyenda, ndikanakayesa kachitsotso. Kanali kakuda, kobulungira, kukula kwake ngati kambewu ka mpiru, kali phee kuseri kwa tsamba la chinangwa m'munda mwa azakhali anga ku Nkhotakota. Unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuotcha mpaka kudutsa m'masilipasi. Tinapita kukathyola chigwada, koma chigwada chooneka ndi maso chinali chosowa. Nsonga zambiri zinali zitakwinyika ngati nkhonya ya mwana, ndipo ukazitambasula umapeza m'kati mwadzaza zoyera ngati thonje.

"Kodikodi ameneyo," anatero azakhali, osayang'ana n'komwe kawiri. "Kukangotentha chonchi amabwera."

Pakati pa thonje lija panali tinthu tina toyera mbee, tokulirapo pang'ono, ta mphonje zosongoka, ndipo tokhato ndi timene tinkayenda mwamsangamsanga. Azakhali anatola kamodzi n'kukatswanya ndi chikhadabo.

"Awa ndiye amake. Ukapha awa wachepetsa mtundu."

"Azakhali, taimani kaye. Tatembenuzani kamodzi tikaone kumimba."

Anandiyang'ana monga amayang'anira anthu a m'tauni akafunsa zopanda mutu, komabe anakatembenuza ndi kaudzu. Pansi pa ubweya uja panali timiyendo tisanu n'kamodzi totalikirapo, tikupalasa m'mwamba, ndi kamutu kokhala ndi tizibwano. Kodikodi sakhala choncho. Iye ndi wofewa, waulesi, amangobaya tsamba ndi kamlomo kake konga ulusi n'kumayamwa osasuntha. Aka kanali ka nyama. Kanali kamphutsi ka kachikumbu kakuda kaja, ndipo chakudya chake ndi kodikodi yemweyo. Ubweyawo ndi phula limene thupi lake limatulutsa, ndipo limakateteza ku nyerere, popeza nyerere zimalondera kodikodi ngati abusa chifukwa cha timadzi totsekemera timene amatulutsa. Tsoka lake n'lakuti chovala chomwe chimapusitsa nyerere chimapusitsanso mwini munda.

Ine si katswiri wa tizilombo. Ndimagwira ntchito ya muofesi ku Lilongwe, ndipo kujambula tizilombo ndi foni ndi matenda chabe amene ndinawatenga zaka zingapo zapitazo. Tizikumbu timene Azungu amati ladybird ambiri timatidziwa: tofiira kapena tachikasu, tamadonthomadontho, tonyezimira ngati tapakidwa vanishi, timene timapezeka pa mpiru kapena nyemba zikagwidwa ndi nsabwe. Kofala kwambiri kuno ndi Cheilomenes lunata, kakuda ka mawanga akuluakulu ofiirira kapena achikasu. Palinso abale ake a mtundu wa Epilachna, otuwa ngati njerwa, amene anasiya nyama n'kuyamba kudya masamba a maungu ndi mbatatesi mpaka kusiya mitsempha yokha. Koma banja lonseli, limene asayansi amati Coccinellidae, lili ndi mitundu pafupifupi 6,000 padziko lonse, ndipo gawo lalikulu ndithu ndi tosaoneka bwino ngati kamene ndinapeza ine: ta mamilimita awiri kapena kuchepera, takuda kapena tofiirira, taubweya, topanda madontho okopa maso. Palibe amatijambula pa malaya a ana.

Nditakakhudza ndi kaudzu sikanadumphe, ndiye sikanali ka gulu la tizikumbu tija todumpha ngati utitiri timene timaboola masamba a therere ndi mabilinganya. Kanangopinda miyendo, n'kudzigwetsa pachikhatho changa, n'kukhala chete ngati kafadala. Patapita kanthawi kanadzuka n'kuyamba ulendo. Ndinakatsekera m'kabotolo ka mapiritsi. M'botolo lina ndinaikamo timphutsi titatu pamodzi ndi nsonga ya chinangwa yodzaza kodikodi, n'kuphimba kukamwa ndi kansalu.

"Tsopano ukuweta chiyani?" anafunsa azakhali.

"Muzingoikamo nsonga ina ikauma iyi. Mudzaona okha."

Usiku umenewo tikudya kondowole ndi usipa, azakhali anakumbuka nthawi imene kodikodi anafika koyamba. Anali ali mtsikana. Minda ya chinangwa m'mbali mwa nyanja inangopinimbira, mitengo yofupika, mfundo zothithikana, ukakumba pansi n'kupeza mizu ngati zala. Kwa anthu a kunyanja chinangwa ndi nkhokwe imene imakhala m'nthaka, ndiye nkhokwe yonse inapsa popanda moto. Ku Nkhata Bay ndiye kunali koipitsitsa. Izi zinali chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo azakhali amangodziwa kuti patapita zaka zingapo chilombocho chinachepa. Chifukwa chake iwo amati ndi mvula ndi Mulungu.

Sinditsutsana nawo pa za Mulungu, koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndimaikonda, chifukwa yonse yagona pa dzina. Kodikodi wa chinangwa anaoneka koyamba mu Africa cha m'ma 1973 ku Congo, atabwera ndi mitengo ya chinangwa yochokera ku South America, kwawo kwenikweni kwa mbewuyi. Panthawiyo analibe dzina m'mabuku a sayansi. Mayi wina wa ku France, Danièle Matile-Ferrero, ndiye anamufotokoza mu 1977 n'kumutcha Phenacoccus manihoti. Kachilomboka sikafuna mwamuna kuti kaswane, onse ndi aakazi, ndiye kamodzi kokha kouluzika ndi mphepo n'kokwanira kuyambitsa mudzi. Kuno kanapeza chinangwa chochuluka popanda adani ake akwawo, n'kufalikira m'mayiko ambiri a chinangwa.

Bungwe lofufuza za ulimi la IITA la ku Ibadan, ku Nigeria, linapatsa ntchitoyi mnyamata wa ku Switzerland, Hans Herren, amene anafika kumeneko mu 1979. Nzeru yake inali yopita kwawo kwa chilombocho kukafuna chimene chimachidya. Ofufuza anapeza kodikodi pa chinangwa cha kumpoto kwa South America, wofanana kwambiri ndi wa kuno, n'kutenga adani ake, timavu ting'onoting'ono. Koma timavu tija titapatsidwa kodikodi wa mu Africa sitinaswane. Ataunikanso bwino anapeza kuti anali mtundu wina, wokhala ndi amuna, wachikasu pamene wathu ndi wofiirira, ndipo mu 1981 anautcha Phenacoccus herreni. Nthawi ndi ndalama zinapita chifukwa cha tizilombo tiwiri toyera timene diso limati n'kamodzi. Chaka chomwecho Anthony Bellotti wa bungwe lina lofufuza za ulimi la CIAT, la ku Colombia, anapeza kodikodi weniweni ku Paraguay, komwe anali wosowa kwambiri chifukwa adani ake anali atamupanikiza. Mwa adaniwo munali kamavu kakang'ono zedi, Anagyrus lopezi, kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mwana wake n'kumudya kuchokera m'kati. Anakaweta mochuluka, n'kukamwaza m'mayiko ambiri, kwina ndi ndege imene, ndipo ku Malawi kanafikanso m'zaka zomwezo za mavuto. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ngakhale kuti pankhaniyi amene anabweretsa bala analinso mlendo.

Kodikodi sanatheretu. Amabukabe m'chilimwe, makamaka m'minda ya mchenga yoguga, yopanda zinyalala zophimbira nthaka, ndendende ngati wa azakhali. Koma chimene chinandisowetsa tulo usiku uja n'china. Pamodzi ndi kamavu kaja, ofufuza anabweretsanso tizikumbu ta ladybird tochokera ku South America, ndipo kena mwa ito ndi Diomus hennesseyi, kakang'ono, kaubweya, kamene kanamwazidwanso ku Malawi. Ndinagona pamphasa ndikuyang'ana kabotolo kanga pawindo, mtima ukuti: bwanji ngati aka n'kamdzukulu ka tija? Makolo ake anawoloka nyanja yamchere pandege, iko kali m'munda mwa azakhali anga, osadziwika ndi aliyense. Ndinali nditayamba kale kulemba nkhaniyo m'mutu. Ndikuvomera, ndinkafunitsitsa kuti kakhale Diomus.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinayamba kulimbana ndi kujambula. Foni yanga ili ndi kagalasi kokulitsira kopanira pa kamera, kotchipa, kamene kamathandiza pa ziwala ndi agulugufe. Pa kanthu ka mamilimita awiri kamene sikafuna kuima, zithunzi makumi atatu zinatuluka kadontho kakuda kambuu. Ndinakaika mufiriji kwa mphindi zochepa kuti kazizidwe, n'kukaika papepala loyera pambali pa rula. Kanandipatsa mwina theka la mphindi kasanatenthedwe n'kuyambanso kuthawa. Zithunzi ziwiri zinaoneka bwino: msana wakuda wokutidwa ndi ubweya wotuwa wogona chammbuyo, kumapeto kwa mapiko kofiirira pang'ono, miyendo yofiirira, mutu wakuda.

Ndinaziika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu amaika zithunzi za zamoyo kuti athandizane kuzidziwa mayina. Kompyuta ya kumeneko inandipatsa mayina angapo nthawi yomweyo, ena a tizikumbu ta ku Ulaya ndi ku America. Apa ndiye pamene anthu ambiri timagwera m'mbuna. Makinawo amaphunzira pa zithunzi zimene anthu anaikapo kale, ndipo zithunzi za tizikumbu ting'onoting'ono ta ku Malawi n'zochepa, ndiye amakupatsa chimene amachidziwa, osati chimene uli nacho. Ukangodina dzina lokongolalo, wina wobwera pambuyo pako adzaona kuti kachikumbu ka ku Ulaya kanapezeka ku Nkhotakota, n'kukopera bodzalo. Ine ndinangolemba dzina la banja lonse. Patapita masiku awiri munthu wina wodziwa anandiyankha mwachidule kuti pamsana sipangaoneke kanthu, ndikajambule kumimba.

Kumimba kwa kambewu ka mpiru. Apa foni inagonja, ndipo kachikumbu kanayenera kufa, chifukwa kamoyo sikangagone chagada kudikira iwe. Zimenezi sizinandisangalatse, koma ndinachita. Akatswiri amasunga tizilombo mu mowa wa mphamvu ya 70 peresenti. Ine ndinathira sipiriti wa kufamase, ngakhale mnzanga wina anaumirira kuti kachasu wa mutu akanagwira ntchito yomweyo ndipo wotsalayo sakanatayika. Mnzangayo ndi mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo Loweruka lina anandilola kugwiritsa ntchito maikulosikopu. Si yopangidwira tizikumbu, kuwala kwake kumachokera pansi, ndiye tinathimitsa nyale yake n'kumaunikira chapambali ndi tochi ya foni. Kukagoneka chagada pa kathonje ndi nsonga ya singano kunatitengera nthawi yaitali kuposa kuphika nyemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mnzangayo anadekha kuposa ine.

Koma titangolunjika bwino, kachitsotso kaja kanasanduka nyama yathunthu. Ndinayamba ndi zotsimikizira banja. Tinyanga tifupitifupi, tonenepa kumapeto ngati chibonga. Pambali pa kamwa, timanja tiwiri togwirira chakudya, mfundo yake yomaliza yotambalala ngati nkhwangwa. Kuphazi, mfundo zooneka zitatu. Ndipo pa chigawo choyamba cha mimba, kuseri kwa pamene mwendo wakumbuyo wamera, kamzere kopindika ngati kolembedwa ndi singano, mbali iyi ndi mbali inayo. Kamzere kameneka ndiye chiphaso cha ladybird, ndipo kapindidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa magulu a ting'onoting'onoti.

Ena ndinawachotsa msanga. Hyperaspis, amene mphutsi zake zimavalanso phula loyera ndipo amadyanso kodikodi, ndi wosalala, wonyezimira, wopanda ubweya, ndiye si iyeyu. Stethorus ndi wochepetsetsa, milimita imodzi ndi theka kapena osafika, wakuda bii, chifuwa chake chimatulukira kutsogolo ngati chikufuna kubisa kamwa, ndipo iye chakudya chake ndi akangaude ofiira, osati kodikodi. Anatsala atatu ofanana ngati ana a mimba imodzi: Nephus, Scymnus ndi Diomus wanga uja.

Kusiyana kwawo kuli motere. Mwa Diomus, kamzere kaja kamatsika kuchokera pa mwendo, n'kukafika m'mphepete mwenimweni mwa chigawocho, n'kulumikizana ndi mpheperoyo, ngati kanjira kamene kakathera mumsewu waukulu. Mwa Scymnus kamatsika, n'kupinda kasanafike m'mphepete, n'kuyamba kubwerera kutsogolo. Mwa ena kamabwerera mpaka kumaliza ngati mwezi wokhala theka, mwa ena kamathera panjira. Ndipo pachifuwa, pakati pa miyendo iwiri yakutsogolo, Scymnus ali ndi timizera tiwiri totukuka ngati timizere ta m'munda, pamene Nephus pamenepo m'posalala.

Ndinayang'ana kwa nthawi yaitali. Ndinasuntha tochi, kuunikira kuchokera kumanzere, kenako kumanja. Ndinapempha mnzanga kuti ayang'ane iye osamuuza chimene ndikufuna, ajambule papepala chimene akuona. Anajambula kamzere kotsika, kopinda, kobwerera m'mwamba mpaka kumaliza uta wake, ndipo pakati pa utawo ndi mphepero panali mpata woonekeratu. Pachifuwa timizera tiwiri tinalipo.

"Ndiye chiyani?" anafunsa.

"Scymnus."

"Bwanji wanena ngati wamva za maliro?"

Ndinayang'ananso kachitatu, kufuna kuti kamzere kaja kakhudze mphepero, ndipo apa ndinadzigwira ndekha ndikuchita zimene ndimadzudzula makina aja. Nkhani yanga ya kamdzukulu ka ku South America inali yokoma kwambiri moti ndinali wokonzeka kupinda kamzere ndi maso. Sindinganene kuti ndinachita manyazi kwambiri, koma ndinakumbukira anthu aja amene anataya nthawi ndi kodikodi wolakwika. Iwo anapusitsidwa ndi tizilombo tofanana. Ine ndinkadzipusitsa ndi kachilombo kamene kanali kakunena zoona poyera.

Pobwerera kunyumba pa minibasi ndinayamba kuiona nkhaniyo mwina. Kodikodi atafika mu Africa, ofufuza anapeza kuti tizikumbu tambiri takonkuno, ta magulu a Scymnus, Nephus, Hyperaspis ndi Exochomus, tinasiya zimene tinkadya kuthengo n'kukhamukira m'minda ya chinangwa. Patokha sitinathe kuthetsa mliriwo, chifukwa timachuluka pokhapokha kodikodi atachuluka kale, mbewu itawonongeka. Kamavu kaja kanapambana chifukwa kamasaka kodikodi ngakhale ali wochepa. Koma m'munda ngati wa azakhali, momwe chilombo chabuka kale mu Okutobala, amene amagwira ntchito yakalavulagaga ndi timphutsi toyera tija, kudya mazira ndi ana a kodikodi tsiku lonse, kwinaku tikutswanyidwa ndi chikhadabo. Ndipo mlimi akathamangira kupopera mankhwala, phula la kodikodi ndi masamba okwinyika aja zimamubisa, koma kamavu ndi kachikumbu, amene amayendayenda poyera, ndiwo amayamba kufa.

Dzina la sayansi limakhala pawiri. Loyamba lili ngati chiwongo, Phiri kapena Banda, lachiwiri ndiye la mwini wake. Ine ndinafika pa chiwongo basi. A Scymnus ndi fuko lalikulu, mitundu mazanamazana padziko lonse, ndipo yambiri ya mu Africa muno inafotokozedwa ndi anthu ochepa kwambiri, mmodzi mwa iwo Helmut Fürsch wa ku Germany, yemwenso anatcha dzina Diomus hennesseyi uja. Kuti ufike pa dzina lachiwiri, mawanga sathandiza, popeza mtundu umodzi umatha kukhala ndi ena akuda ndi ena ofiirira. Akatswiri amatumbula kachikumbu kakamuna, kutulutsa ziwalo zake zoberekera, zimene n'zolimba ndipo kapindidwe kake n'kosiyana mtundu ndi mtundu, n'kuziyerekeza ndi zojambula za m'mabuku kapena ndi tizikumbu tosungidwa m'nyumba zosungira zakale, zambiri za ku Ulaya. Ichi chimandiwawa pang'ono, kuti kachikumbu ka ku Nkhotakota, kuti kadziwike bwinobwino, mboni zake zili m'madirowa a ku London kapena Tervuren, ku Belgium. Ndipo mwa a Scymnus ambiri, aamuna amakhala ndi nkhope yofiirira kapena yachikasu, aakazi yakuda. Kanga kanali ka nkhope yakuda.

Ndiye pa kapepala ka m'botolo ndinalemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti: Scymnus sp., Nkhotakota, pa chinangwa chogwidwa ndi kodikodi, ndi tsiku lake. Ka "sp." kameneko ndi njira ya asayansi yonenera kuti chiwongo tachidziwa, dzina tikadafunsa. Kwathu munthu ukamuitana ndi chiwongo sunamunyoze, ndiye ndinaona kuti n'zokwanira kwa tsopano.

Botolo lina lija ndinali nditaliiwala. Patatha milungu iwiri foni inalira m'mawa ndikukonzekera kupita kuntchito.

"Mwana wanga, amake a kodikodi aja asanduka."

"Asanduka chiyani, azakhali?"

"Anayamba angouma, kukakamira patsamba osayenda. Ine ndimati afa, ndimafuna nditaye. Dzana ndikuona katuluka kachikumbu, kotuwa. Dzulo kada. Tiwiri tatuluka, kena kaja kanafadi."

M'mawu mwawo munalibe kugonja, munali chidwi cha munthu amene waona yekha. Anandiuza kuti anaitana anzawo awiri oyandikana nawo munda kudzaona, ndipo mmodzi anakana, akuti ndinachita kuikamo ine mobisa. Ndinawafunsa ngati angathe kuyang'ana kumutu kwa tizikumbuto, pafupi ndi maso.

"Ndinayang'ana kale ndi magalasi anga owerengera Baibulo. Kena n'kakuda konse. Kena kali ndi kumaso kofiira ngati kapsa ndi dzuwa."

Ndinakhala pansi. Kakamuna, koleredwa kuchokera ku kamphutsi, kodziwika munda wake ndi chakudya chake. Ndinayamba kuwerengera m'mutu mtengo wa basi ya ku Nkhotakota, ndi amene ndingamulembere kalata za kutumbula kuja.

"Azakhali, kameneko mukasunge bwino. Musatsegule botolo. Ndibwera Loweruka."

Kunali chete pang'ono, ndikumva nkhuku ndi wailesi chapatali.

"Iii, ukanaimba dzulo. Si unati timadya kodikodi? Ndakatsanulira m'munda m'mawa uno, pa mzere uja wa kufupi ndi mango. Nanga tizingokhala m'botolo ntchito ili mbwee?"